Mmene shuga wochuluka m'magazi amawonongera impso mwakachetechete

Odwala matenda a shuga ambiri a m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Chawama amadziwa bwino za ludzu, kukodza pafupipafupi ndi mabala osapola msanga, koma za impso kawirikawiri amazimva pamene mapazi ayamba kale kutupa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 alionse m'Zambia anali ndi shuga wokwera m'magazi, choncho nkhaniyi si ya anthu olemera a ku Kabulonga okha, monga ena amaganizira.

Impso iliyonse ili ndi tizosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kumutu kwa kalikonse kuli kampukutu ka mitsempha yaing'ono kwambiri kotchedwa glomerulus, kamene kamalola madzi ndi zoipa kudutsa koma kamatsekereza mapuloteni. Maselo a m'kampukutuka ali ndi chofooka chimodzi, chakuti satha kuchepetsa shuga wolowa mwa iwo akachuluka m'magazi. Mu 2001 katswiri wina wa ku New York, Michael Brownlee, anafotokoza kuti shuga wopyola muyesoyu amapanikiza ma mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, mpaka iwo amatulutsa mpweya wa okosijeni wosakhazikika umene umatsekereza njira imene selo limagayira shuga, ndipo zotsalira zimapatukira m'njira zina zovulaza.

M'njira imodzi, enzyme yotchedwa aldose reductase imasandutsa shuga kukhala sorbitol, ndipo pochita zimenezi imamaliza zinthu zimene selo limadzitetezera nazo. Koma njira zina ziwiri zikuluzikulu ndizo zimafunika kuzimvetsa bwino. Yoyamba ndi ya protein kinase C, puloteni imene ntchito yake ndi kuyatsa mapuloteni ena, imene ikadzutsidwa nthawi yaitali imachititsa makoma a mitsempha kuchucha ndi kukhuthala. Yachiwiri ndi ya shuga womatirira ku mapuloteni n'kupanga zinthu zolimba zotchedwa AGE, zimene zikagwira cholandirira uthenga cha pakhungu la selo chotchedwa RAGE zimayambitsa kutupa kwa mkati kosatha. Njira zonsezi zimakathera pa uthenga umodzi, wa puloteni ya TGF-beta, imene imalamula maselo kuunjika kolajeni ngati akutseka bala, ngakhale kuti palibe bala. Zipsera zimenezi ndizo Paul Kimmelstiel ndi Clifford Wilson anaziona mu 1936 ngati timibulu m'impso za odwala shuga.

Palinso vuto la mphamvu ya magazi mkati mwa kasefa. Impso ikamayesetsa kubweza shuga wosefedwa kudzera pa khomo lotchedwa SGLT2, imabwezanso mchere wambiri, motero maselo oyeza mchere amene ali kutsogolo amalandira uthenga wabodza wakuti kusefa kwachepa, ndipo amatsegula kwambiri mtsempha wolowetsa magazi pamene homoni ya angiotensin II ikufinya mtsempha wotulutsa. Kasefa kamagwira ntchito mopanikizika kwa zaka, maselo otchinga otchedwa podocyte amathothoka osabwereranso, ndipo puloteni ya albumin imayamba kutayikira mumkodzo munthu asanamve ululu uliwonse.

Apa ndi pamene sayansiyi imakhudza wodwala wa pa chipatala cha Matero kapena pa kiliniki ya Kalingalinga, Mtendere kapena George. Mankhwala a BP monga enalapril ndi losartan amaletsa uthenga wa angiotensin II, ndipo n'chifukwa chake dokotala amatha kuwapereka kwa wodwala shuga amene mumkodzo mwake mwapezeka albumin, ngakhale BP yake isanakwere kwambiri. Wodwala amene sanafotokozeredwe zimenezi amawasiya mosavuta. Mankhwala atsopano monga dapagliflozin amatseka khomo la SGLT2, ndipo kafukufuku wa DAPA-CKD wa mu 2020 anasonyeza kuti amachedwetsa kufooka kwa impso, koma mtengo wake ndi wolemetsa kwa banja lodalira kantemba. Kupima albumin mumkodzo ndi creatinine m'magazi kamodzi pachaka n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi dialysis, kutsuka magazi ndi makina kumene kumachitika ku chipatala cha UTH ndipo nthawi zambiri kumafunika kawiri kapena katatu pa mlungu.

Chinthu china chosasamalidwa ndi mapiritsi opha ululu monga diclofenac ndi ibuprofen, amene amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Iwo amaletsa ma prostaglandin, mauthenga amene amathandiza kuti mtsempha wolowetsa magazi ukhale wotseguka, choncho kwa wodwala amene impso zake zafooka kale, makamaka akataya madzi chifukwa cha kutsegula m'mimba, angachepetse kusefa mwadzidzidzi m'masiku ochepa chabe.