Damu Lithandiza, Koma Lifuna Kusamala

M'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase ku Lundazi, mitsinje yambiri imaphwa mvula ikatha. Kufikira dzinja, anthu ndi ng'ombe amadalira madamu a dothi. Ana a m'makomboni akapita kumudzi masukulu atatsekera, amathamangira komweko kukasambira.

Madzi osayenda amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Wodwala akakodzera m'damu, mazira a matendawa amaswa, ndipo tizilombo timalowa mu nkhono. Tikatulukamo timaboola khungu la wosamba kapena wocapa. Magazi mu mkodzo amaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, mwana atabwerera kale ku tauni. Ici si cizindikiro ca kukula ai. Mwanayo aperekedwe ku cipatala: mankhwala a praziquantel amaciza.

Madzi akumwa a m'damu ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Cipupa ca damu naco cifuna maso. Mizu ya mitengo, ciswe ndi ziboda za ng'ombe zimacifooketsa. Ngalande yotayira madzi ikatsekeka, madzi amasefukira pamwamba ndi kucigumula. Madzi a matope akayamba kutuluka patsinde pa cipupa, mfumu ya mudzi iuzidwe tsiku lomwelo, ndipo okhala kumunsi acenjezedwe kusanade.