Ng'ombe Yaikazi ndi Ngolo ya pa Kanema

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kulowera ku Mponela, akapitirira Lumbadzi nafika pa Mtengowanthenga dzuwa litapendeka, asanaone n'komwe chipatala cha mishoni chimene chidatchukitsa malowa, amayamba walonjeredwa ndi phokoso la mfuti ndi zibakera lotuluka m'chimkuzamawu chopachikidwa pakhomo la kanyumba koonetseramo kanema. Pakhomopo pamakhala mnyamata wolandira ndalama, ndi bolodi lomatidwa zithunzi za mafilimu a tsikulo; ndipo mukaziyang'anitsitsa zithunzizo mudzaona kuti nkhope zonse zikuluzikulu ndi za amuna, wina atanyamula mfuti, wina atakunga chibakera, pamene mkazi, ngati alipo, ali chakumbuyo, akusuzumira paphewa pa mwamunayo. Mwini malo mukamufunsa chifukwa chake saonetsa sewero lotsogozedwa ndi mkazi, sadzakubisirani: adzati anyamata amene amadzaza mabenchi ake zoterozo amazitcha "zachizimayi," ndipo iye sangathe mafuta a jenereta chifukwa cha mabenchi opanda anthu.

Kanema ndi mlendo wadzana m'dziko muno. M'zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, Malawi adalibe wailesi ya kanema, ndipo zidakhalabe chomwecho kufikira Television Malawi itayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti makomo ounikira magetsi adali ngati 11 okha pa 100 alionse, kotero kuti wa m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akafuna kuonera, ayenera kutsikira pamsika. Masewero adayamba kutifika kudzera m'makutu, pa wailesi ya MBC, ndi m'maholo a zisudzo, ndipo maina amene adakhazikika pakamwa pa anthu ndi awa: Kapalepale, Izeki ndi Jakobo, Winiko, Manganya wa mu Tikuferanji. Onsewo ndi amuna. Anthu adawakonda mpaka ena kuwakweza pa mipando ya boma, pakuti Bon Kalindo, mwini dzina la Winiko, adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo Michael Usi, amene dziko lonse lidamudziwa monga Manganya, adalumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Amayi amene ankasewera nawo, amene nthawi zambiri ndiwo ankautsa nthabwala kuti mwamunayo aimalize, ambiri timawakumbukira monga mkazi wa uje kapena make wa uje.

Koma chimene ndifuna kuchilongosola sindicho kuchepa kwa maina a akazi, chifukwa chimenecho chikusintha. Ndifuna kunena za miyeso iwiri imene oonerera amanyamula m'thumba limodzi, wina woyesera mwamuna, wina woyesera mkazi, ngakhale onsewo aphunzira kutchalitchi kuti miyeso yosiyana Mulungu adana nayo. Chitsanzo choyandikira chili m'masewero awiri a anansi athu a ku Zambia, amene adayamba kuonetsedwa pa Zambezi Magic mu 2018, nakondedwa kuno chifukwa Chinyanja chimamveka m'menemo. Loyamba ndi Mpali, losimba za Nguzu, mlimi wachuma wa mitala yaikulu. Lachiwiri ndi Zuba, losimba za mtsikana wa kumudzi amene adapita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba pa banja lolemera. Khalani pansi ndi oonerera, mumve m'mene amaweruzira. Nguzu akanama, akanyengerera mkazi uyu lero ndi kumusiya mawa, amuna amaseka nagundana m'mapewa, nati, "Ameneyu ndi dolo," ndipo ngakhale amayi amene amamutukwana amatero akumwetulira. Zuba akalakwa kamodzi, akakhulupirira munthu wosayenera kapena akayankha mokweza mawu, kuseka kumatha, ndipo mumamva akuti ngwopusa, ngwodzikonda, wayamba matama chifukwa walowa m'tauni. Mwamuna amaloledwa kukhala wochimwa wosangalatsa. Mkazi amafunidwa akhale woyera mtima, ndipo akakhaladi woyera mtima, omwewo amatembenuka nati seweroli ndi losakoma, lolira misozi yokhayokha.

Palinso china choposa apa, ndicho chakuti oonerera amasiyanitsa mwamuna ndi gawo limene akusewera, koma mkazi amamumanga pamodzi ndi gawo lake. Mwamuna akasewera chidakwa kapena mbala, anthu amati waidziwa ntchito. Mkazi akasewera woyendayenda, mfiti, kapena mpongozi wankhanza, monga ankachitira Patience Ozokwor m'mafilimu a ku Nigeria amene adadzaza misika yathu, anthu amanong'onezana kuti sakadatha kusewera bwino chotero chikadapanda kukhala chikhalidwe chake. Ndicho chifukwa makolo ambiri amene angakondwere kuona mwana wawo wamwamuna pa kanema amachita tsinya mwana wamkazi akatchula zisudzo, poopa kuti ankhoswe sadzafika pakhomo. Ndipo diso loyang'ana chovala cha mkazi lisanamve mawu ake lili ndi mbiri yake: lamulo la 1973 lidaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi kwa zaka makumi awiri, ndipo mu Januwale 2012, lamulolo litafafanizidwa kalekale, amayi ena adavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mabuluku omwewo.

Chodabwitsa nchakuti zimenezi zikuchitika pakati pa Achewa, mtundu umene umawerenga mbumba kuchokera kwa mayi, umene mwamuna ankapita chikamwini, umene mvula inkapemphedwa kudzera mwa Makewana ku Msinja, ndi umene ufumu sulongedwa amayi aakulu a m'banja asanalozepo chala. Nthano zoyamba zimene aliyense wa ife adamva zidatuluka pakamwa pa agogo aakazi, madzulo pamoto, ndipo palibe mnyamata adanyanyalapo kuti sangavomere nthano ya mkazi. Koma masewero a pabwalo, a masana, oonerera mudzi wonse, adali a amuna, mwakuti ngakhale Mariya wa m'gule wamkulu, ndi nsalu zake ndi kayendedwe kake kaulemu, sachokera kwa amayi oimba ndi kuomba m'manja aja. Kunena kwanga nkwakuti kanema adalowa m'malo a bwalo, osati a pamoto, natengera malamulo a pabwalo. M'mabuku namonso zidayenda chimodzimodzi: Samuel Josiah Ntara, mwana wa ku Dowa konkuno, adalemba Nthondo, mbiri ya mwamuna, imene idapata mphotho nimasuliridwa m'Chingerezi, adalembanso Nchowa mu 1949, nkhani ya mkazi, koma ngowerengeka lero amene adamvapo dzina la buku lachiwirili.

Pali mwambi umene amuna amauponya nkhani zotere zikavuta, wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ndipo udamveka kwambiri m'zaka za 2012 mpaka 2014, pamene Mayi Joyce Banda ankalamulira dziko. M'zisudzo mwambiwu udatsutsidwa kale ndi ntchito zooneka. Du Chisiza Jr. atamwalira mu 1999, amene adagwira gulu lake la zisudzo la Wakhumbata kuti lisamwazike adali Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake adayambitsa gulu lake la Wanna-Do, nalemba, natsogolera, nasewera kufikira imfa yake mu 2006. Tapiwa Gwaza adapata mphotho ya Africa Movie Academy mu 2010 chifukwa cha gawo lake mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana mu 2016 pa mpikisano wa Africa Magic monga yoposa zonse za kum'mwera kwa Africa, ndipo mphotho yomweyo idadzanso kuno mu 2018 ndi The Road to Sunrise ya Joyah yemweyo, nkhani ya akazi awiri ogulitsa thupi mu mzinda wa Blantyre, amene Joyah adawaonetsa monga anthu okhala ndi mtima, ubwenzi ndi chisoni, osati monga chenjezo loopsezera atsikana. Kunena zoona, ulemu waukulu umene mafilimu a Malawi adalandira kunja udabwera pamsana pa akazi. Olemba masewero a pa kanema ndiwo atsalira, pakuti ambiri mwa iwo akali kupatsa mkazi magawo atatu okha, la wozunzika, la wolongolola ndi la wolanda mwamuna wa mwini, kenaka nadabwa kuti oonerera sakumulemekeza.

Tsono tisafulumire kunena kuti anthu sakonda masewero a akazi, tisanafunse kuti anthu amene tikuwawerengawo ndi ati. Pa nthawi imene kanyumba ka pamsika kadzaza, mayi wa pa Mtengowanthenga ali kumjigo kapena pamoto, ndipo ngakhale atakhala ndi mpata, mkazi wodzilemekeza salowa m'chipinda chamdima chodzaza anyamata. M'nyumba ya mphunzitsi kapena ya namwino, m'mene muli dikoda, limoti imakhala m'manja mwa bambo pa nthawi ya nkhani ndi ya mpira. Koma bambo akangotuluka, pabalaza pamadzaza amayi a m'makomo oyandikana, ana kumsana, wina akusenda mtedza m'lichero, kutsata masewero a ku India a pa Zee World, amene pafupifupi onse amazungulira pa mkazi. Amadziwa dzina la aliyense, amakumbutsana za dzulo, ndipo magetsi akathima amafunsana m'mawa kuchigayo kuti zidatha bwanji. Okonda masewero okhulupirika koposa ndi amenewa, kungoti salipira pakhomo, ndipo mwini malonda samva mawu awo. Lero anyamata okhala ndi kompyuta pamsika amathira masewero m'memori khadi pa mtengo wochepa, ndipo mayi amene sadalowepo m'kanyumba ka kanema amasankha yekha chimene afuna, naonera pa foni yake nsima ikapsa. Anyamatawo, amene amadziwa kumene kukuchokera ndalama, masewero a ku India ndi a ku Nigeria omasuliridwa m'Chichewa sawasowetsa m'makompyuta mwawo.