Mathithi a ku Dzalanyama

Mwezi wa Okutobala ndiwo mwezi wa dzuwa lalikulu. Nyenje zilira m'mitengo, fumbi liuluka m'misewu ya ku Mitundu, ndipo timitsinje tambiri ta m'midzi tiphwa, nkutsala mchenga wokha. Koma kumadzulo, m'mapiri a Dzalanyama, madzi ali kugwabe pa mathanthwe, ndipo alendo okwera mapiriwo asamba m'maiwe ozizira. Kodi madziwo achokera kuti, popeza mvula inaleka mu Epulo?

Yankho lioneka poyerekeza mapiri awiri. Pafupi ndi Mitundu pali phiri la Bunda. Mbali yaikulu ya phirilo ndi thanthwe loyera. Wolikwera ayenera kulawirira, pakuti dzuwa likakwera mwala utentha mapazi. Akafika pamwamba aona phiri la Nkhoma kum'mawa, kuseri kwa Nathenje, ndi mzere wa Dzalanyama kumadzulo. Mvula ikagwa pa thanthwe lotere, madzi atsetsereka tsiku lomwelo, chifukwa palibe chowagwira.

Dzalanyama ndi wosiyana. Mapiri ake ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo avala nkhalango ya mitengo ya tsamba, mombo ndi msuku. Mvula ya mu Januwale iyamba kugwa pa masamba, nitsika pang'onopang'ono. Pansi ipeza masamba owola amene amwa madzi monga nsalu. Madziwo alowa m'nthaka potsata mizu, nakhala m'ming'alu ya miyala miyezi yambiri, natuluka pa akasupe. Akasupewo akumana, nakhala mtsinje. Mtsinje ukafika pa phompho, ugwa, ndiwo mathithi. Chotero wosamba pa mathithi mu Okutobala asamba mvula ya mu Januwale imene nkhalango inasunga.

Woyenda ulendo wotere asunge malamulo atatu. Loyamba, asapite yekha, koma ndi wamkulu wodziwa njira. Lachiwiri, asadumphire m'dziwe limene sanaliyese ndi ndodo, pakuti pansi pabisala miyala, ndipo ndere ziterera. Lachitatu, akaona mitambo yakuda pamwamba pa phiri, atuluke m'madzi msanga. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje udzala mwadzidzidzi, ngakhale pamene iye ali sipanagwe dontho. Apewenso madzi odikha ndi ofunda a m'madambo, pakuti ndimo mukhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo.

Madzi a Dzalanyama sali a osamba okha ayi. Mtsinje wa Lilongwe uyambira m'mapiri omwewa, nudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kuchokera madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe. Makolo a Achewa analemekeza mapiriwa. Iwo ankati ku Kaphirintiwa, komweko, ndiko kunatsikira anthu oyamba pamodzi ndi mvula. M'chaka cha 1922 boma linapatula nkhalangoyi kuti itetezedwe.

Komatu mitengo yambiri yagwa chifukwa cha makala. Kudula kunakula kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo. Pamene padulidwa mitengo, mvula ikokolola nthaka, mtsinje ufiira ndi matope m'dzinja, nuchepa m'chilimwe. Phiri lotere liyamba kufanana ndi thanthwe: lilandira madzi, koma silisunga.

Nchifukwa chake mwana wanzeru sayatsa moto m'tchire posaka mbewa, sathyola mphukira, ndipo abzala mitengo kwawo kuti nkhuni zipezeke pafupi. Akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Amene afuna kuti adzukulu ake adzamve mkokomo wa mathithi, ayambe lero kusamala mtengo.