Ngolo, galimoto ya kumudzi kwathu

Mwana akamapinda mawaya kupanga galimoto, ine sindimuletsa. Luso lomwelo ndi limene limadyetsa amisiri owotcherera a pa Namitete, m'mphepete mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji. Amagula ekiselo ya galimoto yakufa, kuwotchererapo zitsulo, kukhoma matabwa, ngolo yatha. Nkhani yonse yagona pa ekiseloyo ndi matayala ake. Zikakhala zolimba, ng'ombe ziwiri zimakoka chimanga, njerwa, ngakhale wodwala wopita kuchipatala cha St Gabriel's, kudutsa m'matope a Januwale momwe lole imatitimira. Makasitomala amachuluka alimi a ku Nsaru ndi Kabudula akagulitsa fodya. Ndikufuna TEVETA iziwafikira amisiriwa ndi maphunziro, chifukwa ngolo yowotcherera mwachisawawa imathyoka ili ndi katundu.