Kutolera Masipuni ndi Mafoloko Akale a Siliva a ku Britain

Anthu amene amatolera masipuni, mafoloko ndi mipeni yakale ya siliva satengeka ndi kunyezimira kwa chiwiya, koma amayamba achitembenuza kuti aone tizidindo ting'onoting'ono ta kuseri kwa chogwirira, chifukwa tizidindoto ndi timene timanena ubwino wa chitsulocho, mzinda umene chinayesedwera, chaka chake ndiponso mmisiri wake. Mwambo wodinda siliva unakhazikika ku England m'chaka cha 1300, pamene Mfumu Edward I inalamula kuti chiwiya cha siliva chisagulitsidwe chisanayesedwe ndi kudindidwa mutu wa nyalugwe. Muyezo umene lamulolo linkateteza ndi wotchedwa sterling, umene mwa magawo 1,000 aliwonse a chitsulocho magawo 925 amakhala siliva weniweni, pomwe otsalawo nthawi zambiri amakhala mkuwa, popeza siliva payekha ndi wofewa moti foloko yake ingapindike msanga.

Zidindo zinanka zichuluka m'kupita kwa zaka. Cha mmisiri chinalamulidwa mu 1363, chilembo choimira chaka chinayamba ku London mu 1478, ndipo mkango woyenda utakweza dzanja limodzi, umene ndi umboni wa sterling, unaonekera mu 1544. Nyumba zoyesera siliva za ku Birmingham ndi Sheffield zitatsegulidwa mu 1773, mzinda woyambawo unatenga nangula ngakhale uli kutali ndi nyanja, ndipo wachiwiriwo unatenga chisoti chachifumu. Kuyambira 1784 mpaka 1890 ankadindanso mutu wa mfumu yolamula posonyeza kuti msonkho waperekedwa, choncho munthu amene wagwira sipuni yokhala ndi kamutu kameneko amadziwiratu nyengo yake asanatsegule n'komwe buku la zilembo za zaka.

Pamene ambiri amapusitsika ndi pa ziwiya zongokutidwa ndi siliva. Cha m'ma 1743 Thomas Boulsover wa ku Sheffield anapeza njira yomatira siliva wopyapyala pa mkuwa, ndipo mu 1840 banja la Elkington ku Birmingham linalembetsa njira yokutira ziwiya pogwiritsa ntchito magetsi, imene inachititsa kuti mabanja wamba ndi mahotela akwanitse kuyala patebulo zinthu zooneka ngati za olemera. Ziwiya zotere zambiri zili ndi zilembo za EPNS, zotanthauza kuti mkati mwake muli msanganizo wa mkuwa, nickel ndi zinc, ndipo siliva ali pakhungu pokha. Opanga ena ankasanja zilembo zawo m'timabokosi tofanana ndi zidindo zenizeni, mwakuti wogula wopupuluma amalipira mtengo wa sterling pa chinthu chimene m'mano ake a foloko mwayamba kale kuonekera chitsulo china. Ziwiyazi sizonyozeka, ndipo zina n'zopangidwa mwaluso, koma ziyenera kugulidwa pa mtengo wake.

Mapangidwe a chogwirira nawo amathandiza kuzindikira nyengo. Pa mtundu wa Hanoverian, umene unafala kuyambira cha m'ma 1710, nsonga ya chogwirira inkapindikira m'mwamba chifukwa sipuni inkaikidwa patebulo chozondoka. Old English wa m'ma 1760 anaipindira pansi, ndipo Fiddle ndi King's anatchuka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Otolera amalemekeza kwambiri seti imene zidutswa zake zonse zinachokera kwa mmisiri mmodzi m'chaka chimodzi, ndipo dzina ngati la Hester Bateman, mayi wamasiye amene anatsogolera ntchito ya banja lake ku London mpaka 1790, kapena la Paul Storr, limakweza mtengo kuposa kulemera kwa chitsulocho. Seti zathunthu zikusowa chifukwa zinkagawidwa pakati pa ana pogawa chuma cha masiye, komanso zambiri zinasungunulidwa mu 1980 pamene mtengo wa siliva unayandikira madola 50 pa aunsi, muyezo wa magalamu 31.1. Kumeneko kunali kutaya kwakukulu, chifukwa sipuni ikasungunuka dzina la mmisiri ndi chaka chake zimapita nayo limodzi.

Chinanso chimene chimawononga ziwiyazi ndi chikondi chopanda chidziwitso. Siliva sachita dzimbiri koma amada akakhudzana ndi sulufule wa mumpweya, m'mazira kapena mu labala, ndipo mwini wake akamukwecha ndi phulusa kapena mchenga monga akwechera mapoto, amafufuta zidindo zija pang'onopang'ono mpaka mkango usaonekenso. Mipeni ndiyo imafuna chisamaliro chapadera, popeza zogwirira zake zambiri ndi za siliva wopyapyala wodzazidwa ndi utomoni, umene umafewa m'madzi otentha n'kuchititsa kuti mpeniwo uzigwedera. Amene ali ndi chiwiya chotere pakhomo achitsuke ndi madzi ofunda ndi sopo, achipukute ndi nsalu yofewa nthawi yomweyo, ndipo asachigulitse kwa osungunula asanapeze munthu wodziwa kuwerenga zidindo zake.