Wailesi ya CB m'galimoto

Anzanga madalaivala a kwa Mponda, amene mumakwera mapiri a ku Namwera komwe foni nthawi zina imasowa netiweki, wailesi ya CB ikhoza kukuthandizani, bola muiike bwino. Waya wofiira upite ku batire ya mavoti 12, fyuzi ikhale pafupi ndi batireyo. Wakuda mangani pa chitsulo cha galimoto mutapala penti.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi eriyo. CB imagwira pa 27 MHz, choncho imafuna eriyo yaitali, makamaka yoikidwa pakati pa denga. Musanalankhule, yezani SWR, muyezo wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana bwino ndi wailesi. Ikapitirira 3, wailesi ikhoza kupsa. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno, musaiike pomwe pamawomba dzuwa. Za chilolezo, kafunseni ku MACRA musanagule.