Asilikali achilendo amene ankaperekeza malole ku Zóbuè

Lero malole amatsetsereka phiri la Zóbuè, nkudutsa pa Moatize pomwe fumbi la malasha limadetsa masamba a mitengo, nkukawoloka Zambezi pa mlatho, dalaivala akungomvera wailesi. Amene adayenda msewuwu m'zaka za m'ma 1980 amadziwa kuti kale munthu ankayamba watsanzika bwinobwino kunyumba asanauyambe.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, yomwe idayamba mu 1977, idadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Malawi adatsala ndi mpita wa Tete wokha ngati njira yachidule yolandirira mafuta, feteleza ndi katundu wochokera ku Durban. Oulondera adali asilikali a ku Zimbabwe, anyamata olankhula Chishona ndi Chindebele, m'dziko la eni.

Malole ankasonkhana pachipata m'mamawa, nkunyamuka pamdipiti umodzi, galimoto ya asilikali patsogolo, ina pambuyo. Madalaivala adautcha ulendowu Gun Run. Lamulo lidali lakuti usaime, usapatukire m'mbali, chifukwa m'mbalimo ndi momwe munkakwiriridwa mabomba. Mfuti ikalira m'thengo, dalaivala ankaponda moto, koma msilikali ankatsika nkulunjika komwe kukuchokera zipolopolo. Ine ndikaganiza za kulimba mtima, ndimaona mnyamata ameneyo akudumpha pagalimoto, kuteteza thumba la feteleza lopita kumudzi womwe sadzaupondamo.

Pa 1 Disembala 1990, mgwirizano wa ku Rome pakati pa Frelimo ndi Renamo udalamula kuti asilikali a Zimbabwe azikhala m'mipita ya Beira ndi Limpopo basi. Atangochoka mu Tete, ziwembu zidakula, malole ambiri nkuyamba kuzungulira ku Zambia. Mtunda udatalika, ndipo mtengo wake adausenza ndi wogula mchere ndi sopo ku Mwanza ndi ku Blantyre.

Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo adasainirana mtendere pa 4 Okotobala 1992. Chaka chotsatira, alendo enanso adafika pamsewu womwewu: asilikali a ku Botswana, ovala zipewa zobiriwira ngati thambo za United Nations. Nthawi imeneyo anthu a ku Angónia, Moatize ndi Mutarara omwe adathawira ku Malawi adayamba kubwerera kwawo, mitolo pamutu, ana kumsana, ena mwa anawo atabadwira m'misasa ya ku Mwanza ndi Ntcheu.